Khosi la Farida

Minibasi yopita pa Boma la Nkhotakota inanyamuka pa Dwangwa dzuwa lisanalimbe. Unali mwezi wa Juni. Mwera unkawomba kuchokera kunyanja, wolowa mpaka m'mafupa. Anthu anadzikulunga. Wina jekete, wina zitenje ziwiri, wina bulangete la mwana. Farida yekha ndiye anakankha zenera, natulutsa nkhope.

"Asisi, tsekani," anatero kondakitala. "Mukufuna tikafike pa Boma tili ngati chambo cha m'firiji?"

"Ndikumva kutentha."

"Lero? Nanga mu Okutobala mumagona kuti, m'nyanja?"

Anthu anaseka. Farida anatembenuka, maso ali tong'o.

"Ndalipira mpando ndi mphepo yomwe. Iwe ngati wazizidwa kakhale pa injini."

Anatseka theka lokha. Thukuta linapitiriza kutsika pansi pa mpango umene unakuta mutu ndi khosi lake.

Farida anabadwira ku Mchesi, mu Lilongwe. Munda wake unali msewu. Ankagula zitenje m'tauni n'kudzagulitsa kunyanja. Pobwerera ankanyamula mpunga ndi usipa. Lero Dwangwa, mawa Salima, mkuja Lilongwe. Mayi ake ankati mwanayu mpando umamuluma.

Munthu mmodzi yekha ndiye anamuimitsapo. Khalidi, wokonza injini za maboti padoko la Nkhotakota. Wamtali, wosalankhulalankhula, manja akuda ndi oyilo. Anamufunsira. Ankhoswe anakumana. Za mahari, chiwongo cha Chisilamu, anagwirizana. Nikaha, mwambo womanga ukwatiwo, inayenera kuchitika Idi ikangodutsa.

Idi inadutsa. Nikaha ayi.

Farida anali atayamba kuonda. Kudya ankadya, ndipo ankadya ngati mlimi wochokera kudimba. Koma thupi linkangopungulika. Zibangili zinkatsetsereka mpaka m'chigongono. Maso anayamba kutuluka. Tsiku lina azakhali ake a Khalidi, mayi Habiba, amene anamulera mayi ake atamwalira, anamuyang'ana Farida kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ananena mawu awiri okha.

"Tidikire kaye."

Aliyense anamva. Mkazi woyendayenda, ndiye akuonda. Panalibe wofunika kumumasulira.

Farida anakayezetsa magazi. Anakayezetsanso, ulendo uno ali ndi Khalidi. Kachilombo analibe. Anapereka makhololo. Chifuwa chachikulu analibe. Shuga analibe. Khalidi anakawauza azakhali zonsezi mokondwa. Iwo anangoti, "Mapepala sanenepetsa munthu."

Tsopano ankhoswe anapangana zodzakumananso mwezi wamawa ukamatha. Malume ake a Farida, a Amiri, kumene ankafikira akabwera pa Boma, sanamubisire. Pakapanda yankho, ukwati udzatha usanayambe.

Minibasi inkadumpha m'maenje. Farida anatulutsa chinangwa chokazinga. Chitatha anatulutsa mandasi. Atatha anasenda nthochi. Potsegula botolo la madzi, chitsekero chinamupulumuka n'kugwera pamiyendo ya mayi amene anakhala naye, wamagalasi, wovala juzi yobiriwira. Mayiyo anatola, nampatsa. Sanachotse maso pa zala za Farida.

"Pepani, achemwali, ndifunse. Tulo mumaliona?"

"La nkhuku."

"Mtima umathamanga ngakhale mutangokhala?"

Farida anasiya kutafuna.

"Ndinu asing'anga?"

"Ayi. Ndimagwira kuchipatala cha pa Boma. Dzina langa ndine Esitere. Tandibwerekani dzanja."

Anagwira pamkono ndi zala zitatu, maso ali pa wotchi. Milomo inkayenda mwakachetechete. Kenaka anakweza nsidze.

"Mwathamanga kuchokera kuti?"

"Ndakhala pompano chikwerereni."

"Mtima wanu sukudziwa zimenezo. Tatambasulani manja onse, chonchi."

Farida anatambasula. Zala zinkanjenjemera ngati masamba a bango.

"Ndi msewuwu, adokotala," anatero kondakitala. "Tonse tikunjenjemera. Mutipatse mankhwala tonse."

Chiseko chinabukanso. Koma pa siteji yotsatira minibasi inaima kukweza matumba a chinangwa, dalaivala n'kuzimitsa injini. Esitere anati atambasulenso. Galimoto inali zii. Zala zinkavinabe zokha.

Esitere anatsitsa mawu.

"Khosi lanu analionapo ndani?"

Farida anagwira mpango wake.

"Khosi langa? Ine ndi Mulungu. A Khalidi adzaliona nikaha ikachitika. Ngati idzachitike."

"Kumene munkayezetsa kuja sanalione?"

"Ankafuna magazi. Ndinkapereka mkono."

"Ndiye lero mundionetse ine. Tikatsika tipitire limodzi."

"Ndili ndi mpunga ukundidikira kumsika."

"Mpunga ulibe miyendo."

M'kachipinda ka kuchipatala Esitere anatseka chitseko, nakoka katani. Farida anamasula mpango. Mphepo inamukhudza pakhosi, anamva bwino. Esitere anamupatsa kapu ya madzi ndi kagalasi.

"Imwani pang'ono, musameze. Yang'anani apa, m'munsi mwa kholingo. Tsopano mezani."

Farida anameza. M'galasimo chinthu chinakwera n'kutsikanso. Chotupa chosalala, chotambalala, ngati kakhushoni pansi pa khungu. Anali atachionapo posamba. Ankayesa ndi mafupa a munthu woonda.

Esitere anaima kumbuyo kwake, napapasa ndi manja onse awiri.

"Ichi ndi chithokomiro."

"Chithokomiro? Chija chimalendewera ngati papaya pakhosi pa anthu a kumapiri?"

"Dzina ndi lomwelo. Koma mvetsani. Chithokomiro aliyense ali nacho. Ine ndili nacho, kondakitala wanu uja ali nacho. Ndi kachiwalo kakang'ono, kooneka ngati gulugufe atatambasula mapiko, kali pompa kutsogolo kwa khosi. Ntchito yake n'kutulutsa timadzi tina m'magazi, timene timati mahomoni. Timadzi timeneti ndi timene timauza thupi liwiro loyendera. Tikachepa, munthu amafooka, amazizidwa, amanenepa. Tikachuluka, zonse zimathamanga. Mtima umathamanga. Chakudya chimapsa chisanakhazikike. Thukuta, manja kunjenjemera, tulo kusowa. Kuchimbudzi mumapita pafupipafupi?"

"Ndimadziwa chimbudzi chilichonse kuyambira Dwangwa mpaka Salima."

"Kumwezi?"

"Pang'ono chabe. Mwezi wina osaona n'komwe."

"Ndi chomwechi. Masonso akutuluka chifukwa cha matenda omwewa."

"Nanga kupsa mtima?"

"Ndi komwe."

"Ndiye kondakitala uja ndikamupepese?"

"Ameneyo musiyeni. Anaziyamba yekha."

Farida anaseka. Kenaka anafunsa funso limene linkamudya miyezi yonseyi. Analifunsa maso ali pansi.

"Ndinachitenga kuti?"

"Simunachitenge. Sichichokera kwa mwamuna, sichichokera m'maulendo, ndipo simungapatsire munthu. Nthawi zambiri ndi asilikali a m'thupi mwanu momwe. Amasokonezeka, n'kumakalipira chithokomiro kuti chigwire ntchito usana ndi usiku. Chimakonda akazi, makamaka a msinkhu wanuwu. Koma ndisalumbire ndi maso okha. Titenge magazi, apite ku Lilongwe akayeze mahomoniwo. Podikira ndikupatsani mapiritsi oti mtima ukhazikike. Mphumu mulibe?"

"Ndilibe. Chimachizika?"

"Mankhwala alipo. Thupi limabwerera."

Chiseko chinamutuluka Farida, chachikulu, cha m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. Miyezi yonseyi anthu ankamupatsa matenda amene analibe. Lero wapeza ake enieni, okhala ndi dzina.

"Alihamudulillahi! Ndikudwala!"

"Ndinayamba kalekale ntchitoyi," anatero Esitere, "koma wothokoza chonchi sindinamuone. Ndipo musathamange potuluka. Kwerani kabaza."

Anakwera kabaza, n'kumamuuza wopalasa kuti akuchedwa.

Padoko anapeza Khalidi ataweramira injini imene anaimangirira pa diramu la madzi. Asodzi awiri anakhala pamchenga kudikira. Farida sanapereke n'komwe moni.

"A Khalidi, ndili ndi chithokomiro!"

Khalidi anadzuka, sipanala ili m'manja.

"Mwati chithokozo?"

"Chithokomiro! Cha pakhosi!"

Asodzi aja anayang'anana, n'kusunthira kutali pang'ono, makutu atawasiya pomwepo. Farida anafotokoza zonse, mawu akupondana. Gulugufe, mahomoni, asilikali osokonezeka, magazi opita ku Lilongwe. Khalidi anamvetsera mpaka pamapeto. Anakoka chingwe cha injini. Inalira. Anatembenuza kachitsulo kena, injini inakuwa, diramu lonse linagwedezeka, madzi n'kumathovoka.

"Mukutanthauza chonchi?" anafuula. "Boti silikuyenda, koma mafuta akutha. Chitsulo chikutentha. Zonse zikunjenjemera."

"Chonchotu!"

Anabweza kachitsulo kaja. Injini inatsika mawu, n'kumalira mofatsa.

"Ndiye si yowonongeka," anatero. "Yangokwera moto."

"Mwanditcha injini, a Khalidi?"

"Yabwino. Yoti munthu sagulitsa."

Asodzi anaseka poyera tsopano. Khalidi anapukuta manja pa sanza, akumwetulira mpaka mano a m'mbali. Kenaka kumwetulira kunachepa.

"Kwatsala azakhali."

"Tidikire kaye," anatero Farida, potengera mawu a mayi Habiba. "Magazi abwere."

Magazi anabwera ndi yankho lomwe Esitere ananena. Ulendo uno Khalidi anapita nawo, atavala mkanjo woyera ngati wa Lachisanu. Anakhala pa benchi, manja pamaondo, ngati mwana wa sukulu.

Esitere anaika pa tebulo mapiritsi ena, ang'onoang'ono.

"Awa ndi ochepetsa ntchito ya chithokomirocho. Sagwira tsiku limodzi. Mudzamwa kupitirira chaka, ndipo tizidzayeza magazi kuti tidziwe pochepetsa. Mukayamba kupeza bwino musasiye. Akakanika pali njira zina, ngakhale opaleshoni, koma tisafike kumeneko lero. Chachiwiri. Mukadzamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, musagule panado pa okala. Siyani mapiritsiwa, bwerani tsiku lomwelo."

"Ndamva."

"Chachitatu n'cha inu nonse." Anayang'ana Khalidi pamwamba pa magalasi. "Za mwana musafulumire. Thupi likhazikike kaye. Mukafuna, mudzandiuze, pali mankhwala ena oyenera woyembekezera."

Khalidi anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

"Adokotala, ngakhale nikaha sinachitike."

"Ndiye ndanena nthawi yabwino."

Masabata anapita. Mtima unayamba kuyenda m'malo mothamanga. Tulo linabwera, loyamba lalifupi, kenaka lenileni. M'mawa wina Farida anadzuka n'kupempha juzi kwa akazi a malume ake. Iwo anaimba nthungululu pakhomo ngati kwabadwa mwana.

Khalidi anawauza azakhali. Anabwerako atasokonezeka.

"Ati bwanji?" anafunsa Farida.

"Angoti, 'Chithokomiro?' Basi. Kenaka analowa m'nyumba."

Tsiku la ankhoswe linayandikira. Kutatsala tsiku limodzi, Farida anakhala pakhonde la a Amiri akupeta mpunga. Dzuwa la m'mawa linkamuwotha msana. Anamva "Odi kuno!" Anadzutsa mutu. Mayi Habiba anaima pachipata, beseni lalikulu lili pamutu, lokutidwa ndi chitenje.

Farida anaika lichero pansi. Anali atawapatsapo mayiwa zitenje, mpango wa ku Lilongwe, mbale zagalasi. Munthu akamathetsa chibale amabweza mphatso. Beseni limenelo likanakwana zonse.

"Asalamu alaikumu."

"Wa alaikumu salamu, amayi. Fikani."

Anawalandira katunduyo. Anali wolemera ngati miyala. Anawayalira mkeka. Mayi Habiba anakhala, natambasula miyendo, napuma kaye. Kenaka anavundukula chitenje chija.

Mchere. Mapaketi a mchere, osanjikizana mpaka pakamwa pa beseni.

"Wa ayodini," anatero monyadira. "Ndamuuza wa golosale andiwerengere paketi iliyonse. Wailesi yakhala ikunena kuyambira kale, mchere wa ayodini, chithokomiro chithe. Mayi ako ku Lilongwe ankakudyetsa chiyani, chidulo? Kuyambira lero, supuni m'mawa, supuni madzulo. Wa m'ndiwo ndi wapadera. Bweretsa supuni ndione."

Farida anayang'ana mcherewo. Anayang'ana mayiwo, thukuta lili pamphumi chifukwa cha katundu. Chimwemwe chinamufikira. Mantha anafika nacho limodzi. Za mchere anali atamufunsa kale Esitere, chifukwa nayenso wailesi ankamvera. Yankho ankalidziwa. Koma mphatso yoyamba ya apongozi, yobwera pamutu, munthu amaikana bwanji, mawa lake kuli ankhoswe?

Anagwada bwino.

"Amayi, zikomo. Mwandisenzera ngati mwana wanu. Koma supuniyo sindimwa."

Nkhope ya mayi Habiba inauma.

"Wati bwanji?"

"Wailesi sinanama. Koma chithokomiro chili pawiri. China chimatupa ndi njala, chikasowa ayodini. Chimenecho ndiye cha wailesi. Changachi si cha njala. Chikugwira ntchito mopitirira, ndipo ayodini ndiye nkhuni zake. Moto ukakula sitisonkhezera. Adokotala anati wa m'ndiwo ndi wokwanira."

"Ndiye wailesi ikudziwa zochepa kuposa iwe."

"Ayi, amayi."

"Ndiye ndasenza katundu yenseyu kudutsa pamsika, anthu akundiona, pachabe."

Nkhuku inayandikira lichero, palibe anaiingitsa. Mayi Habiba anayamba kukokera chitenje chawo pa beseni.

Farida anayang'ana kuchipata. Kunalibe mwamuna. Anamasula mpango wake, nauika pamiyendo. Anatenga kapu ya madzi imene anawapatsa alendowo.

"Amayi, ndibwerekeni dzanja."

"Ulitani?"

"Muone nokha. Mapepala munawakana."

Anatenga dzanja lawo, lokhakhala ndi ntchito, naliika pakhosi pake. Anamwa madzi. Anameza.

Mayi Habiba analumpha pamkeka.

"Subuhanallah! Chikuyenda!"

"Chimakwera n'kutsika. Chanunso chimatero, koma n'chaching'ono."

"Changa? Ine ndilibe zimenezo."

"Aliyense ali nacho."

Mayi Habiba anagwira khosi lawo, nameza malovu. Anamezanso. Anabweza dzanja pakhosi pa Farida.

"Tamezanso."

Farida anameza.

"Iii! Kanthu kameneka ndi kamene kamadya mpunga wonse uja?"

"Komweka."

"Kakuba mnofu wa mwana wa eni, ife n'kumayang'ana kwina." Analoza khosilo ndi chala, ngati akudzudzula mbuzi yolowa m'dimba. "Iwe! Wagwidwa!"

Chiseko chinawagwira onse awiri. Akazi a malume anatuluka m'khitchini kudzaona. Nawonso anauzidwa kuti agwire. Farida anameza mpaka madzi anatha m'kapu.

Mayi Habiba anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anamugwira Farida pamkono, nautembenuza, naufinya pang'ono ngati akusankha mango.

"Kanyama kayamba kubwera."

"Pang'ono."

"Manja aleka kuvina?"

Farida anatambasula. Zala zinagwedezeka pang'ono chabe.

Mayi Habiba anayang'ana beseni lawo.

"Mcherewu sungabwerere kwanga. Wa golosale andiseka mpaka Idi inayo." Anaguguda pakamwa pa beseni. "Usiyeni pompano. Mpunga wa nikaha udzafuna mchere. Mbuzi ziwiri zidzafuna mchere. Abale athu a ku Mwadzama akabwera amadya ngati chithokomiro chako."

Akazi a malume anayamba nthungululu.

"Ankhoswe akumana mawa, amayi," anatero Farida.

"Akumane. Adye, amwe tiyi, asankhe tsiku. Nkhani yatha pano. Vala mpango, apongozi, tipite kwa Mariam akakuyeze diresi."

Mariam anali telala wa pakhonde lina pafupi ndi msika. Anawalowetsa m'kati, natenga tepi. Anayeza mapewa. Anayeza chifuwa. Atafika m'chiuno anakoka tepi mpaka inagwira, natchula nambala.

"Ayi," anatero mayi Habiba. "Masula."

"Amayi, thupi lake ndi limeneli. Diresi la mkwatibwi limafuna kugwira."

"Masula, ndati."

Mariam anamasula pang'ono. Mayi Habiba analowetsa zala ziwiri pakati pa tepi ndi chiuno cha Farida. Anaganiza. Analowetsa chachitatu.

"Pamenepo. Usokere amene akubwerayo, osati uyu."